Mchenga wa ku Majunga

Kasitima kankhondoko kanamira pa 10 Seputembala 1942, tsiku limene asilikali a Angerezi anakocheza pa Majunga kukalanda chilumba cha Madagascar. Kanali kakang'ono, ka mzinga umodzi kutsogolo, ndipo asilikali akwathu ankakatcha Kakowa. Wophika wa m'menemo anali bambo awo a Saulosi Kalekeni. Mtembo wawo sunapezeke.

Mu 1982 a Kalekeni ankagwira ntchito kubanki ina mu Washington, nkumakhala okha ku Woodbridge. Akazi awo anali atamwalira. Mwana wawo Lenifa ankaimba foni mwa apo ndi apo, nkumayankha m'Chingerezi. Ku Ntcheu mayi awo a a Kalekeni anali atafooka, ndipo pempho lawo linali limodzi: dothi la kumene amuna awo anafera libwere likakwiriridwe kumanda, kuti iwo akadzatsikira kuli chete asadzagone okha.

Mwezi wa Julayi, a Razafy, mnzawo wa mu ofesi, ankapita kwawo ku Madagascar. A Kalekeni anawatuma mchenga wa pagombe la Majunga. Tsiku lobwerera anakawachingamira kubwalo la ndege.

"Achimwene, mchenga uja andilanda," anatero a Razafy. "Akuti dothi lakunja sililowa m'dziko muno."

"Munawauza kuti ndi la maliro?"

"Ndinawauza. Wofufuza katunduyo wandipepesa bwinobwino, kenako botolo lonse la mchenga waliponya m'bini."

A Kalekeni anawatenga pagalimoto mpaka ku Falls Church, kunyumba kwa a Razafy. Atafika, a Razafy anatsegula sutikesi kuti apereke kamphatso, ndipo maso a a Kalekeni anagwera pa nsapato zansalu zimene zinali pansi pa zovala.

"Kugombeko munavala izi?"

"Ee. Mukuzifuna? Zong'ambikatu, musandichititse manyazi."

A Kalekeni anagwada, nayala mpango woyera pansi, nkugogoda nsapatozo imodziimodzi. Mchenga umene unagwa sukanadzaza supuni ya tiyi. Anaumanga mfundo ziwiri.

Pamene a Kalekeni ankabwerera ku Woodbridge, pamsewu wa I-95 magalimoto ankayenda pang'onopang'ono. Kampangoko anakaika pampando wa pambali pawo. Kwawo ku Ntcheu, wonyamula maliro amauza malemu mtsinje uliwonse asanawoloke, kuti mzimu usatsale tsidya lino. Mlatho utayandikira, anazimitsa wailesi, natsokomola. Chichewa anali asanayankhule kwa milungu ingapo.

"Bambo, ndine Saulosi, amene munandisiya ndili kumsana. Mtsinje uno ndi Occoquan. Tikuwoloka."