Chitseko cha Kumanja

"Gwirani bwino wayayo, achemwali. Manja akunjenjemera chonchi mwaba chiyani?" anatero Torsten, mlongo wanga wamng'ono.

Wailesi ya m'galimoto ya bambo inali gada pa tebulo la m'galaja, matumbo onse pamtunda. Inali ya makaseti, nkhalamba yeniyeni. Utsi wa mtovu umene ankawotcherera nawo unkakwera mwaulesi m'kuwala kwa pawindo, ndipo mpaka lero ndikamva fungo limenelo ndimaona masamba achikasu a chaka chimenecho.

Bambo athu, a Gösta, mutu unali utayamba kuwathawa. Ankaiwala kuzimitsa moto, ankaiwala ndi mayina athu omwe. Malo anapezeka kunyumba yosungira okalamba m'tauni ya Mora, koma anatiuza kuti tikachedwa apatsa wina, pamene nyengo yozizira ya chipale chofewa inali itayandikira. Bambo yankho lawo linali limodzi: "Popanda Gunvor sindikwera."

Gunvor ndi mayi athu, ndipo anali atatisiya kalekale. Tinawakumbutsapo bambo kamodzi, analira ngati amva kumene uthenga wa maliro. Sitinabwerezenso.

M'foni mwanga munali mawu a mayi. Ali mtsikana ankaweta ng'ombe kumapiri nthawi yotentha, n'kumaziitana ndi nyimbo ija yopanda mawu, yokwera m'mwamba, imene akazi akwathu amaimba. Ndinawajambula tsiku lina akuimba pakhonde. Nditawatsegulira bambo pafoni anangoti, "Kachitini aka ndiye Gunvor?" Apa m'pamene Torsten anadula waya wa mahedifoni akale kuti awotcherere pamene pamadutsa mawu a kaseti, foniyo izilankhulira m'masipika a galimoto.

"Koma iwe, sitikuwanamiza bambo?" ndinamufunsa.

"Mawuwo ndi a ndani, si a mayi? Gwirani waya, za mlandu tikambirana kumwamba."

M'mawa mwake kunagwa nkhungu. Torsten anabwezera wailesi m'malo mwake, kawayako n'kukatulutsira pansi pa mpando. Ndinalumikiza foni. Mayi anayamba kuimba, koma m'chitseko cha kumanja mokha. Cha kumanzere chinali zii.

"Ndiye ukatswiri wako uja ndi umenewu?" ndinamuseka.

"Waya wa kumanzere sunagwire. Ndipatseni kanthawi ndiisolole."

Asanaigwire n'komwe, tinaona bambo atayima pakhonde, chipewa chili m'manja. Anatsika masitepe pang'onopang'ono, mutu utapendekeka ngati munthu womvera mvula ili kutali. Anazungulira galimoto n'kukayima pa chitseko cha kumanja, pamene mayi ankakhala moyo wawo wonse, poti kwathu kuno chiwongolero chimakhala kumanzere.

"Wakwera kale?" anafunsa motsitsa mawu. "Lero ndiye wandipambana."

Torsten anatambasula dzanja kuti achepetse mawu.

"Siya, iwe. Usamudule pakamwa," anatero bambo.

Anakakhala kumbuyo okha, popanda wowakankha. Nditagwira chiwongolero anandigunda paphewa.

"Mtsikana iwe, mmangire lamba mayiyo. Amaiwala."

Zinandipweteka, sindibisa. Mawu otuluka m'chitseko anawadziwa, koma ine Ylva, mwana wawo woyamba, ndinali mtsikana chabe woyendetsa galimoto. Komabe ndinawerama, ndinakoka lamba n'kumangira mpando wopanda munthu.

Ulendo umenewo ndimaukumbukira ngati maloto. Mitengo ya paini inkatuluka m'nkhungu imodziimodzi n'kubwereramonso. Nyimbo ikatha ndinkaiyambitsanso, ndipo bambo sanadandaule, chifukwa mayi nawonso nyimbo ikawakomera sankaisiya. Titafika pa dambo lina, bambo anatsitsa galasi. Mawu a mayi anatuluka n'kukwera pamwamba pa udzu wonyowa. Ng'ombe zimene zinkadya kumeneko zinadzutsa mitu. Imodzi inayamba kuyenda, kenako zonse, kutsata mpanda m'mbali mwa msewu, mabelu a m'khosi akulira. Ndinachepetsa liwiro mpaka tinkangokwawa.

"Waona, Gunvor? Sizinakuiwale," anatero bambo, dzanja lili paphewa la mpandowo.

Tinafika ku Mora. Ndinkaopa kuti akana kutsika, kapena afuna kuti mayi atsike nawo. Namwino anatulukira pakhomo akumwetulira. Bambo anatsika, anavala chipewa, anakonza kolala. Kenako anawerama pawindo la kumanja.

"Undidikire pompano. Sindichedwa."

Analowa osacheuka.

Galimotoyo ndili nayo mpaka pano. Torsten akabwera kudzacheza amayang'ana wailesi ija n'kunena kuti waya wa kumanzerewo ndi ntchito yosachedwa. Ine ndimangomuthirira khofi. Tikamapita kukagula zinthu, amatsegula yekha chitseko cha kumbuyo, chifukwa lamba wa kutsogolo akadali womanga.