Khadi la Chipatala la a Sakala

Chaka chimene mgodi unayamba kukweza anthu akuda pa maudindo a azungu, a Manasseh Sakala anakhala shifiti bosi, kapitawo wa pansi pa mgodi. Kuyambira pamenepo ankayenda m'misewu ya ku Chimwemwe ngati kopa yense wa mu Kitwe anakumba okha. Ku tchalitchi anali mkulu wa mpingo, ndipo pemphero lawo nalonso linatalika.

Akazi awo, a Damaris, anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, komanso njerewere kumaliseche. Zinayamba ziwiri, zazing'ono, zosapweteka. Tsopano zinali zitaunjikana ngati ngala ya mapira, zikuyabwa, zikudontheza magazi pa nsalu. Kuti mkazi aonedwe ku chipatala cha mgodi pankafunika khadi la nambala ya mwamuna wake, ndipo khadilo linkakhala m'thumba la jekete la a Sakala.

"Atate ake Febby, ndipatseni khadi. Kano nkachinayi ndikupempha."

"Amake Febby, kalaliki wa pa windo la chipatala uja amaimba besi m'kwaya yathu. Mukufuna alembe matenda oterewa pansi pa nambala yanga?"

"Nanga matendawa ndawatola kumsika? Si inu mumakanda mu thalauzi ngati muli nsabwe?"

"Anga ndi matuza a thukuta. Pansi pa mgodi pamatentha."

"Ku Ndola nakonso kumatentha Loweruka lililonse?"

A Sakala analemba kalata kwa mlongo wawo wamkulu, a Eneles a ku Kabushi, poti nkhani za akazi, anatero, zimathera m'banja.

A Eneles anafika Loweruka m'mawa ndi lezala latsopano lili m'pepala lake, ndi kachitini ka mankhwala akuda opaka. A Sakala anapita kukasamba kuseri, kuti asamve.

"Mlamu, amenewo ndi mauka," anatero a Eneles akuyala mphasa kuchipinda. "Kwathu ku Katete timadula, basi. Ndadula akazi ambiri."

"Onse ali moyo, alamu?"

"Ochuluka."

A Damaris anayang'ana lezala, n'kuyang'ana mimba yawo. Mkwiyo umene anausunga miyezi itatu unafika pakhosi.

"Mlongo wanu akuopa cholembera cha kalaliki, koma lezala pathupi langa sakuopa. Ndikatha magazi pamphasa pano adzapemphera maola awiri pamaliro, anthu n'kumati, koma abambo awa amadziwa Mawu. Pindani mphasayo."

A Damaris anatulutsa khadi m'jekete, n'kumanga chitenje, n'kupita kokwerera basi. A Sakala anatuluka m'bafa sopo ali m'khutu, n'kuima pa geti. Kukuwa sakanatha, chifukwa oyandikana nawo, Abemba, anali panja akuchapa. Anangowapatsa moni waulemu.

Kalaliki wa besi uja analemba nambala osadzutsa mutu. Kumbuyo kunali mzere wa anthu makumi anayi, ndipo nambala ya shifiti bosi inali ndi manambala ngati ya wina aliyense.

Namwino, a Sisita Maud, anaona n'kupukusa mutu.

"Zinayamba liti?"

"Miyezi itatu yapitayo."

"Mayi, chotupa chilichonse kumeneku mumabwera nacho tsiku lomwe mwachiona, ngakhale chisapweteke. Nanji muli ndi pakati, zimakula msanga. Zikayamba magazi, kapena kuwawa pokodza, simudikira chilolezo cha munthu. Munapakapo kanthu?"

"Ayi. Lezala ndalisiya kunyumba ndi mwini wake."

"Likhale komweko. Amenewa si mauka odula pamphasa, ndi njerewere zopatsirana pogonana. Adokotala aona ngati azichotse tsopano kapena mukachira. Zimatha kumeranso, ndiye muzibwera tikakuitanani. Ili ndi pepala la amuna anu, nawonso aonedwe."

A Damaris anabwerera cha m'ma thuu koloko. A Eneles anali atapita, atatenga lezala lawo ndi theka la nkhuku. A Sakala anawerenga pepalalo kawiri, atalitalikitsa ngati ndi samani ya kukhoti.

"Munthu wa udindo wanga sangakhale pa benchi limodzi ndi anthu amene amawalamula."

"Ndiye khalani. Ine ndikugona kwa ana mpaka pepalalo libwere ndi chidindo. Amayi a chigwirizano cha ku tchalitchi akandifunsa chifukwa, sindinama. Mwatiphunzitsa nokha kuti bodza ndi tchimo."

A Sakala anapirira masiku asanu ndi anayi. Lolemba linalo anavala tayi, n'kuuza oyandikana nawo kuti akupita ku msonkhano wa akulu a mpingo. Anakwera basi ya ku Ndola, kumene chipatala sichidziwa nambala yawo, n'kukhala pa benchi pakati pa wogulitsa makala ndi wosoka nsapato kuyambira seveni koloko mpaka dzuwa litapendeka.

Madzulo anaika pepala la chidindo patebulo, akuyenda motangadza.

"Msonkhano unayenda bwanji, atate ake Febby?"

"Akuti ndibwerenso Lachinayi."