Makompyuta Ovala Zitenje

Makompyuta amene loji ina ya ku Mfuwe inapereka pa sukulu yathu ku Nsefu anali nkhalamba zenizeni. Ukawayatsa ankayamba atsokomola kaye. Koma amayi a m'komiti ya makolo anawalandira ndi nthungululu. Amayi Agness anasokera iliyonse chovala cha chitenje, chothina bwino mbali zonse, n'kusiya kabowo ka batani basi, kuti fumbi la mu Okutobala lisalowe.

Mphunzitsi wa makompyuta anali Namukolo, wa ku Mongu, amene boma linamuponya kuno kuchigwa. Ahedi, a Mathias Zulu, anamuuza mosapita m'mbali kuti ana akapanda kuonetsa kanthu Lachisanu, m'chipinda cha makompyuta mulowa chimanga, makompyuta akagone m'sitolo.

Nkhani inali pa chinenero cholembera mapulogalamu choti ana ayambire. Webster, mphunzitsi wa masamu, munthu wosasowa yankho, anati Java. Ataiikamo, kompyuta inalira ngati chigayo n'kuzima.

"Yailemera," anatero Namukolo.

Anayesa Python, imene ankaikonda chifukwa malamulo ake ndi aafupi, mwana amawerenga n'kumva. Inayenda pang'ono, kenako zii. Anatsikira ku Scratch yakale, ya ana aang'ono, yongolumikiza timabokosi. Nayonso inazima. Apa mtima unamuwawa, pakuti kunalibenso kwina kotsikira.

Lachinayi kunafika amayi Agness.

"Mwaswera bwanji, madamu? Nabwera kutenga zovala nikachape. Mawa ahedi asazione zakuda."

Anavula makompyuta onse n'kumapita. Namukolo anayatsa imodzi mongotsanzikana nayo, natsegula Python. Anadikira kuti izime, koma ayi ndithu. Atagwira kumbuyo kwake anamva kamphepo kotentha kakutuluka pa timabowo timene chitenje chinkatseka. Anaseka mpaka misozi. Tonsefe, ndi Webster yemwe, tinkaimba mlandu zinenero pomwe nkhalambazo zinkangobanika. Masana omwewo anaitana ana ake a giredi 10, ndipo sanaweruke msanga.

M'mawa mwake amayi Agness anabweretsa zitenje zosita bwino, Namukolo n'kuwatsekera njira.

"Mayo! Makompyuta akhale maliseche pamaso pa ahedi?"

"Azivala tikaweruka, amayi. Pa nchito afuna mphepo."

Ahedi analowa nkhope ili gwa. Mtsikana wina, Purity, analemba timizere tingapo, ndipo kakamba kojambulira ka mu Python kanaoneka pa sikirini n'kuyamba kuyenda, kakujambula munda wa thonje ndi mpanda wake. Ahedi anawerama, kenako anakoka mpando, nayamba kulemba ndi chala chimodzi. Kamba wawo anadutsa munda, anaboola mpanda, n'kusowa. Ana anagwa ndi phwete.

"Ahedi, nanga za chimanga?" anafunsa Namukolo.

Iwo sanacheuke n'komwe.

"Purity, kamba wanga wathawa, nimubweze bwanji? Ndipo madamu, Monday pa 14 hours munisungile mpando uno."