Chitsulo cha Apongozi

Anamwino amabwera kuseri kwa phiri kamodzi pa mwezi, ndipo dzuwa likafika pamutu amalongedza n'kumapita. 'Malineo anali atabereka kale kumsana mwana wake Lineo, amene chifuwa chinkamulirira ngati mphaka kwa masiku anayi, koma hatchi yoti akwere popita kwa anamwinowo inkakana kutsegula pakamwa.

Apongozi ake aamuna, Ntate Sekhonyana, ndiye kuti Bambo Sekhonyana, anali ndi zitsulo zitatu za m'kamwa mwa hatchi. Zonse zinagona pamsomali kunja kwa khola, ndipo zinali mbuu ndi chisanu. Anayesa choyamba. Hatchi inangochikhudza ndi mlomo n'kuponya mutu m'mwamba.

"Chimenecho n'chopapatiza, Ntate," anatero Motlatsi, mlamu wake wa 'Malineo, manja ali m'bulangete. "Tengani chaunyolocho."

"Iwe ukudziwa chiyani? Unagwa pabulu ataima."

Anayesa chaunyolo. Hatchi inabwerera m'mbuyo mpaka kugunda mpanda wamiyala. Kenaka amuna awiriwo anayamba kuyeza kamwa yake ndi kachingwe, uku akukangana za hatchi ina imene inafa 'Malineo asanabadwe.

'Malineo anayang'ana dzuwa. Mkamwana sagwira zinthu za apongozi ake aamuna, ngakhale chipewa chitagwera pamoto. Zaka zinayi anasunga lamulolo, kuzungulira nsapato zawo ngati njoka. Koma ankadziwanso mmene mwana amalavulira supuni yozizira.

Anatola chitsulo choyamba chija pamwala, natsegula bulangete, n'kuchilowetsa pakati pa mawere. Chinamuluma ngati moto, iye anangoluma mano.

Motlatsi anatsokomola. "Alamu, chimenecho n'cha Ntate."

"Ndikudziwa. Kachinyambiteni chinacho, alamu, muone ngati lilime libwerere."

Ntate Sekhonyana anatembenuka n'kuyamba kuonetsetsa phiri, ngati kuti analibweretsa dzulo.

Chitafunda, 'Malineo anachitulutsa. Anapisa chala m'mbali mwa kamwa ya hatchi, pamene palibe mano, ndipo hatchi inayasamula n'kuchilandira ngati chigumu. Anakoka lamba wa patsaya mpaka m'mphepete mwa milomo munaoneka makwinya awiri, namanga.

"Chalendewera," anatero nkhalambayo, ikuyang'anabe phiri. "Ndikumva chikugunda mano. Wina akweze bowo limodzi."

'Malineo anamvetsera. Chinkagundadi. Anakweza, kenaka anakwera hatchiyo, mwana akutsokomola kumsana.

"Nanga akabwera, chitsulocho muchilandira bwanji, Ntate?" anafunsa Motlatsi.

"Chitsulo chiti? Ine ndili ndi ziwiri. Ndakhala ndi ziwiri moyo wanga wonse."

"Zikomo, Ntate," anatero 'Malineo.

"Auze amake Lineo asiye kulankhula ndi anthu amene sanaone kanthu," nkhalambayo inauza Motlatsi. "Dzuwa likupita."

'Malineo anafika anamwino atatseka kale bokosi limodzi. La mankhwala a chifuwa linali lidakali lotsegula.