Atatu a Kumchira

Sukulu ya mishoni ya pa Chiwoko sinali yolowa aliyense. Inayambira pansi pa mkuyu ndi anthu asanu ndi sileti imodzi, koma pofika chaka chachitatu cha nkhondo ya Ajeremani inali ndi nyumba ya njerwa, gowelo la anyamata, ndi matama osasimbika. Masukulu a m'midzi ya Dowa ndi Ntchisi ankatumizako mnyamata mmodzimmodzi, amene mutu wake unkagwira kuposa anzake. Chitsulo chikalira m'mawa, anyamatawo ankathamangira kumunda wa sukulu, kulima mame asanaume, kukasamba kumtsinje, kenaka n'kulowa m'kalasi.

M'kalasimo munalibe mipando. Ankaima pamzere, wanzeru kumutu, wovutika kumchira. Mphunzitsi akafunsa funso ankagogoda ndodo pansi katatu, ndipo ukalephera, funsolo linkatsikira kwa mnzako wotsatira. Wolikhoza ankadumpha onse amene alilephera n'kukaima patsogolo pawo. Tsiku lotsekera chaka, atatu otsalira kumchira ankapinda mphasa zawo n'kumapita kwawo. Zaka zam'mbuyo, zimenezi zinali zamanyazi chabe, munthu n'kukalima kwa amake, basi.

Chaka chimenechi sizinali choncho. Patsinde pa phiri, pomwe njira ya kusukulu imakumana ndi msewu, panakhala amuna a zisoti zofiira olemba amtengatenga, anthu osenza katundu wa asilikali. Mnyamata wokhala ndi chikalata cha sukulu ankamusiya. Wopanda chikalata ankamuika pachingwe. Amunawo tsiku lotsekera ankalidziwa kuposa makolo, ndipo anali atakhala pamenepo masiku anayi, akukazinga chimanga mosatekeseka.

Aphunzitsi a Elifala ndi amene ankagwira ndodo m'kalasi ya anyamata khumi ndi asanu. Anali munthu wouma, wosaseka ndi mwana wa sukulu, wonyadira kuti chiyambire ntchito sanakonderepo aliyense. Tsono pamalo a khumi ndi atatu, poyambira penipeni pa mchira, panaima Mose, mwana wa mlongo wawo Rebeka. Mose anali wamtali, wa mapewa ngati a bambo, wofatsa mpaka kukwiyitsa. Mutu wake sunali woipa, koma unali wochedwa, ndipo ndodo sinkadikira munthu.

Lachinayi Rebeka anakwera phiri, n'kuwapeza achimwene ake akukonza mpanda wa dimba.

"Achimwene, ndadutsa pa anthu aja," anatero, osakhala n'komwe pansi. "Andifunsa kuti mayi, wanu ndi wamtali bwanji? Akuseka."

"Akungokuopseza."

"M'mudzi mwathu anatenga asanu ndi awiri. Wabwera mmodzi, ndipo amake anamuzindikira ndi mawu. Mwanayu ndi wanu, achimwene. Bambo ake kulibe, mwini mbumba ndinu. Ine sukulu sindiidziwa, koma ndodo ili m'manja mwanu."

"Ndodoyo si yanga, ndi ya sukulu."

"Ndiye mudzabwere nayo kumaliro."

Anatsika osatsanzika. A Elifala anaima ndi luzi m'manja. Kusakondera kuja ankakunyadira pamene kunalibe mtengo wake.

Lachisanu masana anamuitana Mose kuseri kwa uvuni wa njerwa. Anali ataganiza bwino, kapena tinene kuti ankayesa choncho. Funso lomaliza la chaka linali la mphunzitsi wa kalasi, ndipo linkayambira pakati pa mzere. Akafunsa chinthu chomwe sanaphunzitsepo, onse adzalephera, funso lidzatsika mpaka kwa Mose, iye n'kudumpha asanu nthawi imodzi.

"Mu mailo imodzi muli mayadi angati?"

"Sindidziwa, amalume."

"Palibe akudziwa. Tamvera. Chikwi chimodzi, mazana asanu ndi awiri, makumi asanu ndi limodzi. Bwereza."

Mose anabwereza, n'kusokoneza. Anabwerezanso, n'kusokonezanso. Kachisanu anakhoza, thukuta lili chuchuchu.

"Usalembe paliponse. Wamva?"

"Ndamva, amalume."

Anamuletsa kulemba. Kunena sanamuletse, chifukwa sanakuganizire n'komwe. Chonsecho pa Chiwoko panalibe chinthu chophunzira wekha. Anyamata ankaloweza awiriawiri, wina kufunsa, wina kuyankha mokweza, polima, posamba, potola nkhuni, ndipo amene anakhazikitsa mwambo umenewu anali a Elifala omwewo. Mnzake wa Mose anali Stefano, kamnyamata kowonda ka kutsidya kwa nkhalango ya Ntchisi, kogona naye mphasa zogundana. Stefano ankaima pambuyo pa Mose, pa khumi ndi anayi.

Loweruka, tsiku lotsekera, kunacha ndi nkhungu. Phiri lonse linali phee, ndipo utsi wa anthu a zisoti zofiira unkakwera molunjika kuchokera kumunsi. Anyamata anaima pamzere atameta mipala, malaya ochapa. Mzungu woyang'anira sukulu anakhala patebulo ndi buku la mayina, zikalata khumi ndi ziwiri zili pambali pake.

Mafunso anayenda mwa masiku onse. Kumutu ankadumphana, kumchira sikunkasuntha. A Elifala anali atayamba kupuma bwino pamene mzungu anakweza chala, n'kunena m'Chinyanja chake chokhotakhota kuti a kumchira nawonso awamve. Analoza Mose n'kumufunsa samu yaing'ono, yoti tsiku lina akanaikhoza. Koma mutu wa Mose unali utasenza katundu mmodzi yekha, ndipo ankaopa kuti akauweramitsa atayika. Milomo yake inkangogwedera. Ndodo inagunda katatu. Stefano anayankha, nakhoza, ndipo awiriwo anasinthana malo.

A Elifala sanadandaule kwenikweni. Kutsika malo amodzi kunalibe kanthu, funso lidzamupezabe. Anakonza kukhosi.

"Funso lomaliza. Mu mailo imodzi muli mayadi angati?"

Wachisanu ndi chitatu anayang'ana kudenga. Go, go, go. Wotsatira anatchula zana, mzungu n'kupukusa mutu. Funso linatsika, ndodo ikugunda, mpaka linafika pa Elia, wa khumi ndi awiri, mnyamata wakhama amene chaka chonse anadzigwira pamalo amenewo ndi mano. Elia anati, "Sitinaphunzire, aphunzitsi." Ndodo inamuyankha katatu.

Pamenepo a Elifala anayang'ana Stefano. Milomo ya mnyamatayo inkayenda. Inkayenda limodzi ndi ya Mose, mofanana, ngati anthu awiri osinja mumtondo umodzi.

Go! Anagunda msanga, mwina asanamalize n'komwe kutchula dzina. Stefano anacheukira Mose. Mose ankayang'ana kutsogolo, nkhope ili gwa, akudikira nthawi yake monga anamuuzira amalume ake. Go! Kunja, kumunsi kwa phiri, wina anaseka mokweza, ndipo kusekako kunamveka m'kalasi monse. A Elifala anakweza ndodo kachitatu, ndipo Mulungu awakhululukire, ankafuna kuitsitsa mwanayo asanatsegule pakamwa.

"Chikwi chimodzi, mazana asanu ndi awiri, makumi asanu ndi limodzi!"

Stefano anakuwa ngati wapsa ndi moto. Atatha anagwira pakamwa ndi manja onse awiri.

Mzungu anaomba m'manja. Anati sanayembekezere zotere, ndipo anayamika a Elifala pamaso pa onse kuti amaphunzitsa mopitirira buku. Stefano anayenda kupita pamalo ake atsopano akulira poyera, mamina ali mbwee. Asanu aja anasendera chakumunsi mmodzimmodzi, ndipo Elia anapezeka ali pa khumi ndi atatu. Anayang'ana kumanja, kumanzere, n'kuwerenga ndi chala, ngati kuti wina walakwitsa.

"Bwana," anatero a Elifala, "mwina funso lina limodzi."

"Lomaliza ndi lomaliza, Elifala. Lamulo ndi lako lomwe."

Buku linatsekedwa. Zikalata zinaperekedwa kuyambira kumutu, ndipo zinathera pomwe zinayenera kuthera.

A Elifala anakawapeza atatuwo kugowelo akumanga mphasa. Anawauza kuti asadzere njira yaikulu, atsikire kuseri, kumatanthwe. Wa kumapeto kwenikweni, amene anali atadziwa kale zake, anati kumenekonso kwakhala awiri a zisoti zofiira kuyambira dzulo, anawaona pokatola nkhuni. Elia anayandikira. Anagwada, n'kubweza sileti ndi manja awiri monga mwa mwambo, ndipo a Elifala anailandira. Akanakonda mwanayo akanawatukwana.

Mose anadikira anzake atuluke.

"Amalume, musamukwiyire Stefano. Ndinamupempha ndine kuti azindifunsa, chifukwa pandekha zimathawa." Anamanga mfundo yomaliza. "Koma ndinasunga, amalume. Likanandifika sindikanalakwa."

"Ndikudziwa, mwana wanga."

Aka kanali koyamba kumutchula choncho pa sukulupo. Anawaperekeza mpaka pachipata, pomwe mphunzitsi ankalekezera. Nkhungu inali itayera, ndipo kumunsi kunkaoneka bwinobwino. Amuna aja anali atazimitsa moto wawo n'kuimirira. Mmodzi ankamasula chingwe, akuchiyeza ndi mikono.

Chapakati pa phiri panali munthu wina akukwera mofulumira, nkhuku yoyera ili m'khwapa. Anali Rebeka, akubwera kudzathokoza achimwene ake pokhulupirira kuti sangamutaye mwanayo. Ataona anyamata atatu akutsika ndi mphasa pamutu anaima, n'kutchinga dzuwa ndi dzanja kuti aone bwino. Wapakatiyo anali wamtali kuposa anzake.

Rebeka anatsitsa dzanja. Anayang'ana kumtunda, pachipata, ndipo a Elifala analibe poti n'kubisala.