Alamu pa Mpando wa Kumbuyo

Ndinali nditangolemba pa bolodi mutu wa phunziro, zizindikiro za mwana amene akuzunzidwa, pamene ndinawaona alamu anga atakhala pa mpando wa kumbuyo, manja atapinda, akumwetulira. Choko chinathyoka m'manja mwanga.

M'mawa womwewo mng'ono wanga, mkazi wa alamuwo, anali atafika kwathu diso litatupa, mwana wake wamkazi ali pambuyo. "Asisi, mundisungire uyu. Ndikupita kuchipatala, kenako kupolisi." Posowa womusiyira, ndinabwera naye ku yunivesite n'kumukhazika mu ofesi mwanga ndi mapepala oti azijambulapo. Chitseko sindinakiye, poopa kutsekera mwana yekha.

Ndaphunzitsa za kuteteza ana kwa zaka zambiri, koma tsiku limenelo pakamwa pankangoyankhula pokha, mtima uli ku ofesi kuja. Wophunzira wina anakweza dzanja. Ndinamuyankha mwachidule, ndipo pobweza maso ndinapeza mpando uja ulibe munthu.

Ndinatuluka liwiro, nsapato imodzi n'kuvuka pa masitepe. Alamu ndinawapeza ataima pakati pa ofesi, pepala la mwana lili m'manja. Mwanayo sankaoneka.

"Kuphunzitsa mumatha ndithu, alamu," anatero mofatsa. "Ine ndangodzatenga mwana wanga."

"Kuno kulibe mwana."

"Nanga galu wa miyendo isanu uyu wajambula ndani? Apulofesa?"

Apo ndinaona kansalu ka diresi katapanika pa chitseko cha kabati yachitsulo yosungiramo mabuku. Ndinasendera pang'onopang'ono n'kutsamira kabatiyo, ndipo kumsana ndinkamva chitsulo chikunjenjemera.

Alamu anayandikira mpaka ndinamva fungo la mowa. "Za m'nyumba mwanga musazisandutse phunziro. Tasunthani pamenepo." Anandigwira pamkono n'kufinya. Ndinakanikiza msana pa kabatiyo.

"Madamu, nsapato yanu."

Anali wophunzira wofunsa uja, ataima pakhomo. Kumbuyo kwake kalasi yonse inali itadzaza mpita. Palibe anaseka. Wina anali akuitana kale alonda pafoni.

Alamu anandisiya, n'kukonza kolala ya malaya. "Ndi nkhani ya pabanja iyi, musadandaule," anawauza. Palibe anapatuka kufikira alonda atabwera. Alondawo anapita nawo ku geti, komwe apolisi anadzawatenga chifukwa mng'ono wanga anali atakanena kale.

Nditatsegula kabati ndinapeza mwana atadzipinda pamwamba pa mabuku, manja onse ali pakamwa, diresi itanyowa ndi mkodzo.

"Amayi aakulu, apita?" ananong'ona. "Sindinalire. Ndikalira amandipeza."

Ndinakhala pansi pomwepo n'kumufungatira. Ophunzira anakoka chitseko mwakachetechete n'kutidikira panja.

Khoti linaletsa alamu kuyandikira mayi ndi mwana, ndipo awiriwo anasamukira kwathu. Mng'ono wanga diso linaphwa msanga, koma mwanayo zinamutengera miyezi. Munthu akangogogoda mwamphamvu tinkamufunafuna nyumba yonse, n'kukamupeza kuseri kwa firiji kapena m'dengu la zochapa. Tsiku limene anathamangira yekha kukatsegulira woyang'ana mita ya madzi, mayi ake analowa kubafa n'kutsegula mpopi kuti mwana asamve kuti akulira.