Tinakudziwitsani Polemba

Zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikulemba makalata a ofesi ino, ndipo palibe ngakhale imodzi imene inabwezedwa chifukwa cholakwika. Maso anga anafa ndili mwana, koma kompyuta yanga inkalankhula. Ndikadina batani, mawu ankandiwerengera m'mahedifoni zonse za pasikirini, mothamanga moti anzanga ankandiseka kuti ndikumvetsera njuchi.

Lolemba lina ndinafika padesiki n'kupeza chibokosi changa cha kompyuta chija kulibe. Pamalo pake panali kanthu kopyapyala, kozizira ngati mbale yachitsulo. Ndinayatsa, ndinavala mahedifoni. Zii.

"Zatsopanotu zimenezo, achimwene," anatero mayi wa desiki yoyandikana ndi yanga. "Batire lake limagwira tsiku lonse."

Batire ndilitani ine?

Katswiri wathu wa makompyuta anabwera, makiyi ali ngwelengwele m'chiuno. Anadinadina, anapumira m'mwamba, n'kudzipanga wodabwa.

"Aaa, vuto ndi purosesa, bambo. Ubongo wa makina atsopanowa ndi wamtundu wina, chinenero chake n'china. Mapulogalamu akale amadzera mwa kena kake kowamasulira. Yolembera makalata ikudutsa bwinobwino. Koma yanu yolankhulayi imalowa m'kati mwenimweni mwa makina, kumene womasulirayo safikako."

"Ndiye ikani yatsopano."

"Amene anaipanga sanatulutse ya purosesa imeneyi. Ina ilipo, koma mafomu athu siiwerenga."

"Nanga pogula simunafunse?"

Makiyi aja analira, akutalikira kukhomo.

Masiku asanu ndi anayi ndinakhala padesiki ngati katundu woiwalika m'basi. Mayi uja ankayesa kundiwerengera, koma naye ali ndi ntchito yake, ndipo amawerenga akutafuna chingamu. Munthu amene ndinkamaliza makalata makumi atatu isanakwane nthawi ya tiyi, ndinafika pomapempha kuti, "Chonde, pali chiyani apa?" Zinandiwawa, ndipo mpaka pano zikundiwawa.

Lachitatu abwana anaima kumbuyo kwanga. Ndimawadziwira ku fungo la mafuta awo.

"Kuyambira Lolemba mudzakhala pampando wa pakhomo, muzilonjera alendo. Muli ndi mawu abwino inu."

"Ine ndine mlembi, bwana."

"Zinakambidwa kale. Tinakudziwitsani polemba, imelo ili m'bokosi mwanu."

Kundilembera pa makina amene anditseka nawo pakamwa! Ndinatsika masitepe ndodo ikumenya makoma, n'kukamupeza katswiri uja m'kachipinda kake konunkha fumbi lotentha.

"Chibokosi changa chili kuti?"

"Kuchipinda chosungira katundu, bambo. Lachisanu tifufuta zonse za m'katimo, abwana alamula."

"Lero ndi Lachitatu. Nyamula."

Kaya anaopa ndodo kaya chikumbumtima, sindikudziwa, koma ananyamula mpaka padesiki panga. Atalumikiza zingwe, chifani chake choziziritsa chinalira monga mwa masiku onse, ndipo mawu aja anandipatsa moni. Ndinatsala pang'ono kulira, koma mkwiyo unali usanathe ntchito yake. Ndinazula mahedifoni, ndinakweza sipika mpaka pamapeto, n'kuchepetsa liwiro kuti ngakhale osamva njuchi amve.

Imelo inalipodi, yotumizidwa Loweruka, tsiku limene anasintha makina. Mawu anawerenga za mpando wa pakhomo. Koma abwana athu ndi aulesi, sayamba kalata yatsopano, amangolemba pamwamba pa yakale n'kutumiza. Anthu openya amawerenga pamwamba n'kusiya. Pulogalamu yanga imawerenga mpaka pansi.

"Kuchokera kwa katswiri wa makompyuta, miyezi itatu yapitayo," anatero mawu aja, osanjenjemera. "Bwana, pulogalamu yolankhula ya mlembi wathu sigwira pa purosesa yatsopano. Ndikupempha timusiyire makina akale."

Makiyibodi onse m'chipindamo anasiya kulira.

"Yankho, kuchokera kwa abwana. Sitingasunge chikale chifukwa cha munthu mmodzi. Musamuuze, angavute. Akaona kuti zakanika avomera yekha pakhomo."

Chingamu cha mayi uja chinaima. Fungo la mafuta linafika mothamanga.

"Zimitsani chimenecho! Imeneyo ndi nkhani ya ofesi."

"Ndi kalata yanga, bwana. Munanditumizira nokha, ndangochedwa kuwerenga."

"Tikakambirane mu ofesi mwanga."

"Ayi. Ine ndimavuta, mwalemba nokha." Ndinatembenukira kumene makiyi ankanjenjemera. "Ndipo iwe, unandipumira m'mwamba pano ngati wazimva tsiku lomwelo."

"Pepani, bambo," anatero ndi mawu a mwana wogwidwa. "Chibokosichi sindifufuta. Amene akufuna afufute yekha."

Abwana anayamba kufotokoza za kupita patsogolo, za batire, za ofesi zina zimene zasintha kale. Sindinawadule. Ndinatsegula tsamba latsopano, zala zanga n'kupeza malo ake, ndipo chilichonse chimene ankanena ndinkachilemba, sipika n'kumachibwereza pambuyo pawo. Anafika pakati pa chiganizo n'kusiya.

"Pitirizani, bwana," ndinatero. "Mlembi alipo."